Ngongole ya Zithunzi: Zimene Ndinaona ku Roma

(Awa ndi mawu amene mnzathu uja anapita ku Italy analankhula pa msonkhano wa Loweruka lapitali. Tawalemba monga anawalankhulira, tangochotsamo kuseka ndi kuwomba m'manja.)

Ndiyambe ndi kupepesa. Tsiku lija munanditsanzika ndinalonjeza kuti ndidzabwera ndi zithunzi zokwanira aliyense, mpaka ena munati tidzabwereke pulojekita. Zithunzizo palibe. Foni ija munandisonkhera ndalama ya batire latsopano inapita pa tsiku lachiwiri, m'basi yodzaza kuposa minibasi ya madzulo. Ndinaiika m'kathumba kakunja kwa chikwama, chikwamacho ndabereka kumsana. Potsika ndinapeza zipi ili yasa. Ndinalira, sindikubisirani. Zimene zatsala ndi zithunzi zinayi zija ndinatumiza pa gulu lathu la WhatsApp, ndipo ziwiri mwa izo ndi za chakudya cha m'ndege. Ndiye ngongole yanga ndibweza ndi pakamwa, mothandizidwa ndi kope ili, limene linalowa m'malo mwa foni.

Monga mukudziwa, ndinapita ndi gulu la achinyamata a ku tchalitchi kwathu ku Jubile ya Achinyamata, imene inachitika kuyambira pa 28 July mpaka pa 3 August 2025. Za mapemphero, za kugona panja ku Tor Vergata ndi za Misa ya Papa Leo XIV ndinafotokoza kale ku parishi. Kuno si tonse Akatolika, ndipo inu munandituma kuti ndikaone mzinda. Choncho lero ndi za mzinda basi. Amene ankatiyendetsa anali wansembe wina wa ku Chipata, ku Zambia, amene akuphunzira komweko. Ankatifotokozera m'Chinyanja, ine n'kumalemba. Manambala onse amene mumve pano ndi a m'kope, si a m'mutu mwanga ayi.

Funso limene linandivutitsa masiku onse ndi ili. Ku Roma umapeza nyumba ziwiri zomangidwa nthawi imodzi, ndi amisiri a mtundu umodzi. Ina ili chilili ndi denga lake, anthu akulowa ndi kutuluka. Inayo ndi mulu wa miyala, udzu ukumera. Chinasiyanitsa n'chiyani?

Tiyambe ndi Colosseum, poti ndi imene nonse munkaifunsa. Ukatuluka pa siteshoni ya sitima ya pansi pa nthaka, chinthucho chimangoti bwaa kutsogolo kwako, ndipo khosi limawawa poyang'ana m'mwamba. Kutalika kwake ndi mamita pafupifupi 48. Mfumu Vespasian inayamba kumanga bwaloli cha m'ma 72, mwana wake Titus n'kulitsegula mu 80. Zaka zosakwana 10, popanda galimoto kapena magetsi. Munkalowa anthu pafupifupi 50,000, kuposa ku Bingu National Stadium. Makomo analipo 80, ndipo pamwamba pa ena manambala akuonekabe, kuti munthu azidziwa khomo lake monga timachitira ndi matikiti a mpira.

Koma masewero ake sanali mpira. Anthu ankamenyana mpaka kuphana, ena ankaponyeredwa zilombo, ndipo zilombo zambiri zinkachokera kumpoto kwa Africa. Ndalama zomangira zinachokera pa zimene Aroma analanda atawononga Jerusalem mu 70. Chapafupi pali chipata cha mwala chotchedwa Arch of Titus, ndipo mkati mwake anasemamo asilikali atasenza choikapo nyale cha m'Kachisi. Ndinaima pamenepo n'kumaganiza kuti anthuwa anaba, kenako anajambula kuba kwawoko pamwala kuti aliyense aone. Colosseum ndinaigomera, koma kuikonda sindinaikonde.

Apa ndikonze bodza limene ineyo ndinakuuzani ndisanapite. Ndinati ndikupita kukaona pamene anaphera mtumwi Petro. Si pamenepo. Petro anaphedwa mu ulamuliro wa Nero, Colosseum isanamangidwe n'komwe, ku bwalo lina limene linali ku Vatican.

Tsopano mukayang'ana chithunzi chilichonse cha Colosseum muona kuti mbali imodzi ndi yogumuka ndipo makoma ali ndi mabowo ngati chimanga chofumbwa. Ine ndinkayesa ndi zipolopolo za nkhondo. Abambo anaseka. Mabowowo anakumba ndi anthu a mumzinda momwemo pofuna zitsulo zimene zinkagwirizanitsa miyala. Masewero atatha, bwalolo linasanduka la aliyense. Chivomerezi cha mu 1349 chinagwetsa mbali ya kumwera, ndipo kwa zaka mazanamazana anthu ankabwera ndi ngolo kudzatuta miyala yomangira nyumba zawo, nyumba za olemera, ngakhale matchalitchi. Mu 1749 Papa Benedict XIV analengeza kuti malowo ndi opatulika, anthu n'kuyamba kuchitirapo Njira ya Mtanda, ndipo kututa miyala kunatha. Chimene chinatsala ndi chimene tikuchionachi.

Kuchoka pamenepo timalowa mu Forum, pamene panali pakati penipeni pa mzinda wakale: msika, makhoti, akachisi, maofesi a boma. Tinafika masana dzuwa likuswa mtengo, kutentha ngati ku Nsanje mu October, mthunzi wosowa. Kunena zoona, poyamba ndinangoona mabwinja, nsanamira zitatu apa, mwala wogona apo. Abambo anati panali nthawi imene malo onsewa anakwiririka ndi dothi moti anthu ankadyetserapo ng'ombe, n'kuwatcha Campo Vaccino, kutanthauza busa la ng'ombe. Tangoganizani Capital Hill itasanduka busa.

Koma pakati pa mabwinjawo pali nyumba zingapo zoima bwinobwino. Ina ndi Curia, ya njerwa, mmene aphungu a Roma ankakumana. Inapulumuka chifukwa mu 630 inasandutsidwa tchalitchi. Ina ndi kachisi wa Antoninus ndi Faustina, wa mu 141, amene mkati mwake anamangamo tchalitchi cha San Lorenzo in Miranda. Chimene chinandiseketsa ndi chitseko chake chobiriwira. Chili m'mwamba, pakati pa khoma, popanda masitepe ofikapo, ngati mmisiri analedzera. Sanaledzere. Pamene ankaika chitsekocho, nthaka inali itakwera kufika pamenepo. Akatswiri atadzafukula dothi lonselo kuti apeze msewu wakale, chitseko chinatsala m'malere. Pomwepo ndi pamene ndinayamba kulemba yankho la funso langa lija, kuti zimene zaima ndi zimene anthu sanasiye kulowamo.

Ndisaiwale, mu Forum momwemo muli chipata china chachikulu cha mu 203, cha mfumu Septimius Severus. Mfumu imeneyi inabadwira ku Leptis Magna, ku Libya wa lero. Munthu wobadwira mu Africa analamulirapo Roma. Ku sukulu ine sindinamvepo zimenezi.

Tsiku lotsatira tinapita ku Pantheon, ndipo apa mundilole ndikhalitsepo. Kanjira kake n'kopapatiza, miyala yakuda yoyala pansi imene inandithera nsapato. Ukungokhota, n'kupeza kabwalo kali ndi kasupe pakati, ndipo kutsogolo kuli nsanamira 16, iliyonse mwala umodzi wosalumikiza, wotalika mamita pafupifupi 12. Miyala imeneyi anaisema ku Egypt, n'kuitsitsa pa mtsinje wa Nile, kuiwolotsa nyanja, kuikweza pa mtsinje wa Tiber. Tinayesa kuzungulira imodzi ndi manja, zinatengera anthu atatu.

Pakhomo panachitika zoseketsa. Pantheon ndi tchalitchi, ndipo m'matchalitchi a ku Roma salola kulowa mapewa kapena mawondo ali pamtunda. Mnyamata wina wa m'gulu lathu anavala kabudula chifukwa cha kutentha. Mlonda anangomuloza mawondo n'kupukusa mutu. Tinali titaima pa mzere nthawi yaitali, titalipira kale mayuro 5 aliyense. Ndinatulutsa chitenje m'chikwama, mnyamata anamanga m'chiuno, analowa akuyenda ngati apongozi pa chinkhoswe. Dzina lake sinditchula, ali ndi abale m'chipinda chino. Atsikana, mukadzapita, chitenje chisatsale. Changa chinali chovala, mphasa, ambulera ya dzuwa ndi bulangeti.

Mkati ndinasowa chonena. Ndi chipinda chimodzi chozungulira, denga lake ngati mphika wovundikira, ndipo palibe nsanamira ngakhale imodzi pakati. M'mimba mwake ndi mamita 43, kuchoka pansi kufika pamwamba ndi mamita 43 omwewo. Anamaliza kumanga cha m'ma 125, mu ulamuliro wa Hadrian. Dengalo ndi la konkire wopanda chitsulo chilichonse mkati, ndipo mpaka lero palibe denga lina la mtundu umenewo loposa pamenepa. Nditawauza amalume anga, amene ndi mmisiri womanga nyumba, anati ndikunama. Chinsinsi chake n'chakuti m'munsi konkireyo ndi wochindikala mamita pafupifupi 6, wosakaniza ndi miyala yolemera, ndipo akamakwera ankamupepuza, mpaka pamwamba ndi wongopitirira pang'ono mita imodzi, wosakaniza ndi miyala yopepuka ya ku mapiri ophulika. Pamwamba penipeni anasiya chibowo cha mamita pafupifupi 9. Palibe galasi. Kuwala konse kumalowera pamenepo n'kumayenda pakhoma ngati tochi yaikulu. Mvula ikagwa imalowa ndithu, koma pansi anapapendeketsa pang'ono n'kuboola timabowo totulutsa madzi. Ndinagwada kutifufuza, ndinatipeza.

Nyumba imeneyi inali kachisi wa milungu ya Aroma. Mu 609 mfumu Phocas inaipereka kwa Papa Boniface IV, ndipo kuchokera pamenepo mpaka lero mukuchitika Misa. Zaka zoposa 1,400 pali wina wosesa, wina wotseka chitseko madzulo, wina woona kuti pakudontha. Wojambula wotchuka Raphael, amene anamwalira mu 1520, anaikidwa mommo.

Komabe musaganize kuti ndikuti atchalitchi anali angelo. Papa Urban VIII anakanganula mkuwa wa kudenga la khonde la Pantheon yomweyo n'kukasungunula kupanga mizinga. Ndipo miyala ya Colosseum ija, ina inathera m'matchalitchi. Dzanja limene linasunga china ndi lomwelo linadya chinzake. Nthawi zina chinthu chinkapulumuka mwangozi chabe. Chiboliboli cha mkuwa cha mfumu Marcus Aurelius ali pa hatchi sichinasungunulidwe ngati zinzake chifukwa anthu ankayesa ndi Constantine, mfumu yoyamba ya Roma kulandira Chikhristu. Kulakwitsa dzina kunachipulumutsa.

Zina ndingodutsamo. Tchalitchi cha St Peter n'chachikulu moti munthu umadziona ngati nyerere, anachimanga kuyambira 1506 mpaka 1626, ndipo amene anakwera masitepe 551 kupita pamwamba anabwerako miyendo ikunjenjemera. Ine ndinakana. Ku Santa Maria Maggiore tinadutsa pa manda a Papa Francis, mwala woyera wamba wolembedwa dzina limodzi lokha, Franciscus. Alonda ankatifulumiza, sindinaimepo ngakhale mphindi imodzi. Ku kasupe wa Trevi kunali anthu ochuluka moti ndinaona misana yambiri kuposa madzi. Anthu amaponyamo makobidi, amene amatoleredwa n'kuperekedwa ku Caritas. Ine sindinaponye, ndalama zinali zanu. Chimene chinandigwira mtima kumeneko n'chakuti madziwo amabwera kudzera mu ngalande imene inayamba kugwira ntchito zaka 19 Yesu asanabadwe. Ndipo mumzinda monse muli mipope yachitsulo yotchedwa nasoni, yotuluka madzi ozizira usana ndi usiku, aulere. Ukatseka kukamwa kwa mpope ndi chala, madzi amatumphukira m'mwamba pa kabowo kena, iwe n'kumwa. Tsiku loyamba ndinadzithira m'maso.

Malo amene ndinawakonda kuposa onse mwina simunawamvepo. Ndi tchalitchi cha San Clemente, mphindi zisanu kuyenda pansi kuchokera ku Colosseum. Kunja sichioneka kanthu, tikanachidutsa pakanapanda Abambo. Mkati, kuseri kwa guwa, kuli chithunzi chachikulu chopangidwa ndi timiyala ndi timagalasi tagolide: mtanda umene wasanduka mtengo, nthambi zake zazungulira khoma lonse, pamtandapo pali nkhunda 12. Abambo anati tiyang'ane pansi pa chithunzicho. Pali mbawala zikumwa madzi, abusa ndi ziweto zawo, ndipo pambali pali mayi akudyetsa nkhuku. Abale, mayi wodyetsa nkhuku, m'golide, zaka 900! Ndinakumbuka agogo anga ndi lichero lawo la madeya.

Tchalitchi chimenecho ndi cha zaka za m'ma 1100. Ndiye mumatsika masitepe. Pansi pake pali tchalitchi china chathunthu cha zaka za m'ma 300. Chitakalamba, sanasamuke. Anachidula msinkhu, kuchidzaza dothi ndi zigumukire, n'kumanga chatsopano pamwamba pake, dzina lomwelo, mpingo womwewo. M'kupita kwa nthawi anthu anaiwala kuti pansi pali kanthu, mpaka mu 1857 pamene wansembe wa ku Ireland, Joseph Mullooly, anayamba kukumba.

M'tchalitchi cha pansicho muli chithunzi chapakhoma chimene chinatiseketsa tonse. Munthu wina wolemera, Sisinnius, analamula antchito ake kuti agwire Clement Woyera n'kumukoka. Maso awo anasokonezeka, m'malo mwa munthu anamanga nsanamira ya mwala n'kumaikoka. Wojambula analemba mawu a aliyense pafupi naye, ngati makatuni a m'nyuzipepala. Clement akulankhula Chilatini cha m'mabuku. Koma Sisinnius akukalipa m'chilankhulo cha mumsewu, ndipo akuwatukwanira amayi awo antchitowo. Abambo anakana kumasulira, tinachita kuwakakamiza. Mawu amenewo ndi ena mwa oyambirira kulembedwa m'chilankhulo chimene chinadzakhala Chitaliyana. Ndiye a Mlembi, mukamatidzudzula kuti m'kalata yathu tikulemba Chichewa cha pamsika, dziwani kuti anzathu anayambira pa chitukwano, m'tchalitchi.

Kenako mumatsikanso. Kumazizira, kumanunkha chinyontho, magetsi ndi ochepa. Apa muli m'nyumba za zaka 100 zoyambirira, zomangidwa moto wa mu 64 utawononga mzinda. Pali kanjira pakati pa nyumba ziwiri kopapatiza moti mapewa amakhudza uku ndi uku. Pali kachipinda kokhala ndi mabenchi a mwala mbali zonse ziwiri, pakati pali guwa losemedwa munthu akubaya ng'ombe yamphongo. Ameneyo ndi Mithras, mulungu amene ankapembedzedwa mobisa ndi amuna okhaokha, makamaka asilikali. Ndipo kulikonse mukumva madzi akuyenda. Poyamba ndinayesa paipi yaphulika. Ndi madzi a pansi pa nthaka, amene anadzaza zipinda zimenezi atazifukula, mpaka anachita kukumba ngalande yowatulutsa. M'chipinda chomaliza mumawaona akuthamanga mumdima. Ndinakhala pansi pamenepo osalankhula, pamwamba panga pali matchalitchi awiri ndi msewu wa magalimoto. Kumeneko kujambula n'koletsedwa, choncho kwa nthawi yoyamba ine wopanda foni ndinali wofanana ndi aliyense.

Tsopano a Wapampando, mundikhululukire ndilowe pang'ono mu nkhani imene ili pa mndandanda wa sabata yamawa, ya holo yathu ino. Mukudziwa kuti ine ndinali patsogolo kunena kuti tisamuke tizikakumana m'kalasi ku sukulu, chifukwa muno mukudontha, mawindo awiri alibe magalasi, ndipo mileme yatilanda kona iyo. Ndasintha maganizo. Sindikuti holo ino ndi Pantheon, musandiseke, njerwa zake anaumba ndi makolo athu ndipo zina zayamba kale kufumbutuka. Koma ndife tokha amene tatsala tikutsegula chitseko ichi. Tikatseka, ndikudziwa mmene zidzayendere, chifukwa ndaona mabowo aja. Adzayamba mafelemu a mawindo, kenako malata, kenako wina adzabwera ndi wilibala kudzatenga njerwa zomangira khola, ndipo sadzakhala mlendo, adzakhala mmodzi wa ife. Amene mukufuna kusamuka muli ndi mfundo, mvula ikubwera ndipo thumba lathu n'lopyapyala. Ine voti yanga ndi yotsala, ndipo ndapempha amalume aja kuti Lachitatu madzulo adzaone denga, kuti tidziwe malata ofunika ndi angati tisanakangane.

Pa ndalama za m'thumba zimene munandisonkhera panatsala mayuro 35. Ali mu envelopu iyi pamodzi ndi malisiti, kupatula la ayisikilimu limene ndinataya. Ndinadya kawiri, ndikuvomera. A Msungichuma, bwerani mulandire pamaso pa anthu. Kope ili liziyenda, aliyense masiku awiri, koma tsamba lomaliza musawerenge mokweza pali a Patironi, ndi pamene ndinalemba zimene Sisinnius ananena. Amene ali ndi mafunso afunse.